Valavu Imene Sindinaipumitse

Pa fakitale yathu ya feteleza munthu akamapuma pa ntchito sitimupatsa wotchi. Timamupatsa mpira wachitsulo wochokera m'kati mwa valavu yomwe wakhala akulimbana nayo zaka zonse. Timaupukuta mpaka uwale, n'kuzokotapo dzina lake, mwini wake akauike pa shelefu kunyumba kuti adzukulu azimufunsa. Amene anayambitsa mwambowu sindimudziwa, ndipo mabwana amachita ngati sakuuona. Chaka chimenecho wopuma anali Orest Wasylyk, ndipo aliyense ankadziwa kuti mdani wake wamkulu ndi valavu ya pa paipi yachinayi, yomwe anaitukwana zaka makumi atatu mpaka mawu otukwana anamuthera.

Valavu imeneyo ndinaichotsa ndine, Lachisanu masana m'mwezi wa Januwale, pakati pa nyengo ya chisanu kwathu kuno, kukuzizira moti ukakoka mpweya tsitsi la m'mphuno linkauma gwa.

Valavu ya mtundu uwu ilibe zambiri. M'kati mwake muli mpira wobooka pakati. Chogwirira chikagona motsatira paipi, njira ndi yotsegula, chikapingasa ndiye kuti yatsekeka. Chimene anthu amaiwala n'chakuti potsekapo imatsekera ndi zomwe zinali m'bowo muja. Ukhoza kukhuthula paipi mbali zonse ziwiri, geji yoyezera mphamvu ya zam'paipimo n'kuloza ziro, koma valavu ili ndi zake m'mimba. Kwathu kuno zam'mimbazo ndi amoniya wamadzi. Kukazizira amagona phee. Akafunda amafufuma, ndipo kapu imodzi yokha imasanduka mpweya wodzaza chipinda, wowotcha maso ndi mapapo. N'chifukwa chake paipi tikaikhuthula, tisanamasule bawuti ngakhale imodzi, timavala chophimba kumaso n'kutsegula valavu theka kuti itulutse zomwe yasunga. Timati kuipumitsa.

Ya pa paipi yachinayi inakana kupuma. Inali itauma chotseka, ndipo n'chifukwa chake tinkaisintha. Ndinakoka chogwirira, ndinachikankha ndi bondo, sichinasunthe ngakhale pang'ono. Akale akanalowetsa chipaipi chachitali ku chogwiriracho n'kulendewerapo awiri, koma ine zimenezo ayi, ndinaonapo khosi la valavu likuthyoka chifukwa cha nzeru zoterozo. Ndinauza a makina onyamulira kuti aichotse chotseka chomwecho, akaiike kuseri kwa shedi, pozizira, kutali ndi anthu, idikire gulu lotsuka Lolemba. Mpaka pamenepo ndinachita bwino. Chinatsala n'kulemba pa kakhadi kuti m'kati muli amoniya, asaikhudze munthu.

Kakhadiko ndinakamanga ndithu ndi waya pa chogwirira. Koma cholembera changa chinali chitauma ndi kuzizira. Ndinachiuzira mpweya, ndinachipisa m'khwapa, chinangokanda pepala osasiya inki. Ndinati ndikatenge china mu ofesi ndibwerenso. Ndikungolowa mu ofesimo, pampu ina inayamba kulira kumatanki, tonse tinathamangira kumeneko, ndipo pomwe tinkamaliza inali nthawi yoweruka. M'chipinda chosinthira zovala ndinaseka ndi anzanga, n'kunena ndi pakamwa pangapa kuti mdani wa Orest wagwa lero, wagona kuseri kwa shedi miyendo ili m'mwamba. Mlamu wanga Lorne Thiessen, mwamuna wa mng'ono wanga Gaylene, anali pomwepo akumanga nsapato. Iyeyo ndi makaniko wathu, ndipo mipira ya opuma pa ntchito amapukuta ndi iye. Ndinamuona akumwetulira, koma sindinaganize kanthu.

Loweruka m'mawa ndinali pa shifiti. Kakhadi kaja ndinakakumbukira ndili pakati pomwa khofi. Ndinatenga cholembera cha penti n'kupita kuseri kwa shedi. Valavu panalibe. Panali dzenje lake lokha m'chipale chofewa, ndi zidindo za matayala a pikapu yomwe inabwerera chakumbuyo kufika pomwepo.

Delbert, mlonda wa pageti, anayankha ndisanamalize kufunsa.

"Aa, chitsulo chija? Atenga alamu anu dzulo poweruka. Akuti n'chotaya. Koma musakauze Orest, ine ndinalumbira."

"Anati akupita nacho kuti?"

"Kwawo, nanga kuti? Akuti chikagone pafupi ndi mbaula chifunde, mabawuti amasuke bwino. Bwanji mayi Lavallee, nkhope yagwa chonchi?"

"Palibe. N'kuzizira."

Limenelo linali bodza loyamba. Apa ndinene mosabisa, chifukwa ndinatopa n'kumaizungulira nkhaniyi. Pa fakitale tili ndi gulu la zangozi, lili ndi galimoto yake, zovala zake ndi mabotolo a mpweya. Batani loliitanira linali m'kanyumba ka Delbert momwemo, poti n'kungotambasula dzanja. Sindinalidine. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndili mkazi ndekha pa shifiti, ndinali nditadzipangira mbiri yoti Corinne Lavallee salakwitsa. Amuna ankandiseka ndikamayang'ana geji kawiri, ine n'kumawabwezera powakalipira pagulu akaiwala loko pa valavu. Awiri ntchito inawathera chifukwa cha malipoti anga, ndipo sindinawalirire. Ndiye tsopano ndikaime pamaso pa onsewo ndi kakhadi kosalemba? Ndinachita manyazi, basi, palibe dzina lina. Ndinadziuza kuti iyi ndi nkhani ya pabanja, ndikaithetsa ndekha mwakachetechete. Kapitawo ndinamuuza kuti mutu ukundiwawa, n'kuliza galimoto.

Kwa Lorne ndi makilomita makumi anayi, msewu wowongoka pakati pa minda yokwiririka. Ndinamuimbira ndisanatuluke pageti, foni inangoitana. Ndinaimbanso kawiri, chimodzimodzi. Kenako ndinaimbira Gaylene, yemwe Loweruka amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni.

"Achemwali, m'mawa uno? Kwagwanji?"

"Mwamuna wako sakuyankha foni."

"Ameneyo akamapita kugalaji kwake foni amaisiya pa tebulo. Kodi simunamve? Wapeza mkazi watsopano. Chitsulo chadzimbiri! Chagona pambali pa mbaula chikuotha moto, ine ndikuzizidwa ndekha." Anaseka. "Wachipukuta, wachisisita, kwangotsala kuchiphikira."

"Wayamba kuchimasula?"

"Ndimachoka akukazinga mazira, akuti ayamba akakhuta. Kodi pali vuto? Ndimuimbire Arvid wa kutsidya kwa msewu akamuitane? Ndi mphindi ziwiri basi."

Arvid ndi mmodzi wa ozimitsa moto odzipereka a m'dera lawolo, munthu wodziwa kuti amoniya ndi chiyani. Koma mkazi wake nkhani sagona nayo. Ndinaiona nkhani yanga ikuyenda tchalitchi chonse mawa lake, benchi ndi benchi. Mng'ono wanga anandipatsa njira m'manja, ine ndinaibweza.

"Ayi, usavutitse anthu. Si nkhani yaikulu. Ndikupita komweko."

Msewu unali woterera, ndipo nditangodutsa njanji ndinapeza lole ya tirigu ikukwawa patsogolo panga, ikuutsa chipale moti sindinkaona poipitirira. Ndinaitukwana, ndinatukwana woyendetsa wake wosalakwa, ndinamenya chiwongolero. M'mutu ndinkangowerenga maola. Kuyambira dzulo madzulo kufika tsopano valavuyo yakhala ikufunda, kutentha kukulowa pang'onopang'ono m'chitsulo chokhuthalacho kulondola pakati. Mavalavu amakono amabwera ndi kabowo kakang'ono pa mpira koti zotsekeredwa zizithawirapo. Iyi inali yakale kuposa ukwati wanga woyamba, ndipo kabowo koteroko inalibe. Amoniya analibe kopita, ankangokankha khoma lomuzinga, ola lililonse mwamphamvu kuposa lapita. Chotenthetsera cha m'galimoto chinkandiuzira mpweya wofunda kumapazi, ndipo sindinathe kuupirira. Ndinachizimitsa n'kuyenda ndikunjenjemera.

Ndinaimbanso kanayi. Foni inkaitana pa tebulo la m'khitchini mwawo, tebulo lomwe ndinadyerapo Khirisimasi, ndipo ndinkaliona bwinobwino m'maganizo, foni ikunjenjemera pambali pa mbale ya mazira. Kunja kunali kowala kobaya m'maso, dzuwa lili phwee pa minda yoyera, tsiku loti sungaliganizire choipa.

Nditatsala ndi makilomita khumi ndi awiri, foni inalira. Anali Lorne.

"Alamu! Mafoni asanu ndi awiri? Mwandisowa chonchi? Mng'ono wanu akamva tithawira kuti?"

"Lorne, muli kuti?"

"M'khitchini, ndabwera kudzathira khofi. Ndili ndi chinsinsi, koma inu sindikuuzani, pakamwa panu m'pa wailesi."

"Valavu ija mwaigwira?"

"Haa, Delbert! Munthu uja ndimugulirenso madonasi? Ndaigwira, eya. Mabawuti asanu atuluka, atsala atatu. Mbaula yathandiza, akungomasuka okha. Orest akauona mpira umenewu alira, ndikukuuzani."

"Mwayamba nthawi yanji?"

"Posachedwapa, mwina mphindi khumi ndi zisanu zapitazo. Bwanji, mukufuna kundilembera lipoti?"

Ndikanamulola Gaylene, Arvid akanamupeza asanagwire n'komwe sipanala.

"Musabwererenso m'galajimo. Mwamva? Valavuyo ndi yodzaza."

Anaseka kuseka kwake kuja kochokera pansi pa mimba.

"Yodzaza chiyani, alamu? Munaichotsa ndinu. Ndinamva ndi makutu angawa. Akanakhala wina bwenzi nditaiyesa kaye panja, koma za Corinne timangonyamula titatsinzina. Ndiponso kakhadi kake n'koyera, sikananene kanthu."

"Sindinaipumitse."

Kanali koyamba kuti mawuwo atuluke m'kamwa mwanga, ndipo anatuluka aang'ono.

"Inakana kutseguka. Cholembera chinauma, ndinati ndibwerera, sindinabwerere. Ndinaiwala, Lorne. Ndinaiwala ineyo."

"Inu?"

Sanakalipe. Anangodabwa, ndipo kudabwako kunandilasa kuposa chitonzo chilichonse chomwe ndinkachithawa. Kenako ndinamva chitseko chikutseguka, ndi nsapato zikuponda chipale chouma, khuchu, khuchu.

"Mukupita kuti?"

"Ndingoiona. Musaope alamu, m'galajimo simukununkha kanthu. Ndakhalamo m'mawa uno, mphuno ndili nazo. Mwina zinatulukira panjira."

"Mukanakhala mukununkha bwenzi ndikuthokoza Mulungu! Simukununkha chifukwa zonse zikadali momwemo. Yatsala pa mabawuti atatu, munthu inu! Bwererani m'nyumba!"

"Ndiye ndiisiye pambali pa moto ipitirize kufunda? Muli thirakitala ya malemu bambo anga m'menemo. Ndingozimitsa mbaula, nditsegule chitseko chachikulu, ndituluke. Mphindi imodzi."

Zinamveka zanzeru, ndipo sindinamuletse. Ndinamva chitseko chachikulu chikukwera, chikugudubuzika pa njanji zake. Ndinamva mbaula ikuleka kuuzira. M'bata lomwe linatsatiralo munali kaphokoso kena, kakang'ono, kachitsulo. Ti. Patapita kanthawi, ti.

"Ikulira," anatero Lorne, monong'ona ngati akuopa kuidzutsa. "Mbali yomwe ndamasula ija patuluka kamzere koyera, kachisanu."

"Tulukani. Musaiyang'anenso, tulukani."

"Mabawuti atatuwa sapirira, alamu, awerama. Ikaphulika yokha iponya zitsulo mpaka kunyumba. Tadikirani kaye. Ee! Chogwirira chafewa. Kutentha kwachimasula, chikusuntha ndi chala chimodzi. Ndingoipumitsa pang'ono ndili pambali, chitseko n'chotsegula kale."

Ndinadziwa chomwe chinkachitika. Silinali phuma, sikunali kupusa. Linali dzanja la munthu yemwe kwa zaka makumi atatu wakhala akuuzidwa kuti valavu yotseka uipumitse, ndipo ena mwa omuuzawo ndinali ine, mokalipa. Koma lamulolo ndi la valavu yozizira, ili pa paipi yake yopita kotayira, munthu atavala chophimba. Si la valavu yofunda ili pa benchi, kukamwa konse kuwiri kuli yasa, khoma lili pafupi.

"Lorne, ayi! Chotsani dzanja! Lorne!"

"Theka lokha," anatero.

Ndinkayembekeza kumva kuphulika. Sikunaphulike. Linali phokoso ngati la nsalu yaikulu ikung'ambika, lalitali, kenako foni inagwa pa simenti. Ndinamva kutsokomola, kenako chinthu chikugubuduka, kenako kutsokomola kuja kukupita kutali. Ndinamuitana mpaka mawu anandiphwa. Palibe anayankha.

Manyazi aja anathera pomwepo, ndipo mpaka lero ndimadana nawo chifukwa cha mmene anathera mosavuta. Ndinaimba nambala ya zangozi n'kumuuza mayi wosamudziwa zonse, dzina langa, dzina la fakitale, amoniya, kakhadi, popanda kupuma. Ndinaimbira kapitawo n'kubwereza zomwezo. Zonse pamodzi sizinatenge mphindi ziwiri. Lole ija ndinaipitirira osaona kutsogolo.

Fungo linandilandira ndisanakhote pa geti lawo, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Pakhomo la galaji pankatuluka mtambo woyera, wolemera, ukukwawa pansi kulowera kumunda. Ndinaimika galimoto kumbali yochokera mphepo. Lorne ndinamupeza pa mpanda, atagwada, akudzipaka chipale kumaso ndi manja onse awiri. Anali atakwawa kulowera kolakwika, kusiya nyumba kumbuyo. Malaya ake kutsogolo anali ataumira pakhungu, ndevu zili mbuu.

Ndi munthu wamkulu thupi, koma ndinamukoka. Sindikudziwa mphamvuzo zinachokera kuti. Ndinamulowetsa m'bafa ndi zovala zomwe, n'kutsegula madzi ofunda pang'ono kuti nsalu isachoke ndi khungu. Ndinalowa naye momwemo ndi nsapato zanga za kuntchito, ndinamugoneka mutu pa bondo langa, n'kumutsegula zikope ndi zala kuti madzi alowe. Anakuwa, anandimenya pachifuwa, sindinamusiye. Zimenezi ndinaphunzitsapo anthu kambirimbiri pa chidole cha pulasitiki, ndikuwanyoza kuti manja awo ndi aulesi. Maso a Lorne, aja ochenjera omwe ankayamba kuseka mwini wake asanatsegule pakamwa, anali otuwa ngati a nsomba yophika.

Patapita nthawi anasiya kulimbana nane. Mawu ankatuluka mokhadzuka, apa ndi apo.

"Alamu. Mukanene kuti kakhadi kanalembedwa. Ine sindinawerenge."

"Khalani chete. Yang'anani kumwamba."

"Ntchito ikutherani."

"Ithe. Ndanena kale zonse."

"Mwapupuluma," anatero, n'kuyesa kuseka, koma kunangotuluka chifuwa.

Ndinalira pamenepo, madzi akundithira m'mutu, ndipo sindinathe kupukuta misozi chifukwa manja onse anali pa zikope zake. Ambulansi inali idakali kutali. Panja ndinamva galimoto ya ozimitsa moto ikufika, mawu a Arvid akulamula anzake kuti atseke msewu. Kenako galimoto ina yaing'ono inaima mwaphuma, chitseko chinamenyedwa, mapazi anathamanga m'khonde.

Gaylene anaima pakhomo la bafa atavala chovala chake choyera cha kusitolo, makiyi ali m'manja. Mawu anga pafoni paja sanamukhazike mtima pansi, moti anapempha kuchoka msanga. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana madzi omwe ankasefukira pansi, kenako anandiyang'ana ine. Ndinamulera ndine mayi athu atamwalira, ndipo anali asanandiyang'anepo choncho.

"Munati si nkhani yaikulu," anatero.

Lorne anatembenuza mutu kulondola komwe kunachokera mawuwo.

"Gay, ndiwe? Usaope, ndili bwino. Alamu, tandichotsani thauloli kumasoku ndimuone mkazi wanga."

Kumaso kwake kunalibe thaulo. Zikope zake ndinali nditazitsegula ndi zala zanga, ndipo nyali ya m'bafa inkayaka pamwamba pake penipeni.